Ba Namakau Muyangwa, wosoka magauni a pa yunivesite

Akhristu a mphakati wa ku Dambwa North atipempha kuti tilembe mbiri ya mayi wathu wa mu mpingo, ba Namakau Muyangwa, amene tinawaika m'manda mwezi watha ali ndi zaka 74.

Anabadwira konkuno ku Livingstone, ku Maramba, bambo awo ali pa ntchito ya njanji. Sukulu analekezera giredi 7 chifukwa mayi awo anadwala, ndipo kulera ang'ono awo kunagwera iwo. Kusoka anaphunzira kwa masisitere. Atakula analowa ntchito pa fakitale ya zovala, komwe anadziwana ndi amuna awo, ba Njekwa. Ukwati wawo sunakhalitse. Ba Njekwa anamwalira ana awiri, Kalaba ndi Lillian, akadali aang'ono.

Mafakitale atatsekedwa, tauni inazizira, mabanja ambiri nkusamuka. Ba Namakau anapeza ntchito pa koleji ina ya boma, yosoka makatani ndi kuika zigamba pa nsalu za pabedi. Masiku amenewo kolejiyo inali nyumba zinayi za malata pakati pa mitengo ya tsanya, ndipo njovu zinkathyola mpanda mmene zafunira. Iwo anaiona ikukula. Kunabwera laibulale, kenaka nyumba zosanja, mpaka inasanduka nthambi ya yunivesite ya boma. Tauni nayo inadzuka, alendo odzaona mathithi nkudzaza Mosi-oa-Tunya Road.

Chaka ndi chaka magauni a omaliza maphunziro ankadzera m'manja mwawo. Gauni iliyonse ankaipinda akunena Tikuoneni Maria mmodzi, kupempherera mwana amene adzaivale. Ankakonda kunena akuseka kuti, "Ine sukulu sininatsilize, koma pano palibe wotsiliza osapitila kwa ine."

Mayesero awo aakulu anadza chaka china madzi atasowa m'nyumba zogona ophunzira kwa masabata atatu. Tsiku lina masana ophunzira anakwiya, nkuyamba kugenda mawindo a maofesi. Ba Namakau anatuluka kuti akanule magauni amene anayanika panja. Mwala unawapeza pa diso lamanzere. Kuchipatala anayesetsa, koma disolo linafa.

Atachira, akuluakulu a sukulu anawaitana. Anali atagwirizana kale kuti wogendayo achotsedwe sukulu ndi kuperekedwa kupolisi.

"Ba Namakau, munamuona?" anafunsa mkulu wa sukulu.

"Ninamuona bwino bwino. Sinizanama pamaso pa Mulungu kuti sininamuone."

"Manje ni ndani?"

"Dzina sinizakupatsani, ba sa. Mukamuchotsa, diso langa silizabwela, na amai bake bazalila chabe."

Anawaumiriza kawiri, koma yankho linali lomwelo. Kunyumba nakonso sikunali mtendere. Kalaba, amene anali atakula, sanalankhule nawo mwezi wathunthu. Tsiku lina anawauza kuti, "Amai, munthu wakuonongani, imwe mumubisa."

"Diso ni langa, mwana wanga," anayankha. "Nisiye nichite nalo vamene Ambuye baniuza."

Sizinali zopepuka. Anauza mnzawo wa mu mphakati kuti masiku ena mkwiyo unkawabwerera pamene ulusi ukukana kulowa pa singano, ndipo ankayamba kukhululuka mwatsopano, korona wopempherera ali m'manja.

Patapita zaka ziwiri mnyamata wogenda uja, amene ankaphunzira zauphunzitsi, anabwera kudzayesa gauni. Anaima pakhomo maso ali pansi. Ba Namakau anamuveka, nagwada kuti apinde m'munsi.

"Ba mayo, ni ine ninaponya..."

"Nidziwa. Imilila bwino, gauni izapendama." Atamaliza anamuuza kuti, "Yenda ukaphunzitse bana ba bene. Bakalakwa, uzibapatsako mpata."

Atapuma pa ntchito sanakhale manja lende. Ankasoka nsalu za paguwa ndi zovala za ana obatizidwa, ndipo Lachinayi lililonse ankayendera odwala. Misa ya m'mawa sankaphonya, ngakhale pa dzuwa la Okutobala lija lomwe limafooketsa ndi anyamata omwe.

Chaka chino miyendo inayamba kutupa. Lamlungu lina masana bambo mfumu anawadzoza mafuta a odwala ndi kuwapatsa Ukaristia. Anapempha Lillian kuti atsekule windo mphepo ilowe, anagona cham'mbali, ndipo anapita mwakachetechete ngati munthu wotopa ndi ntchito.

Pa Misa ya maliro panaimirira bambo wina amene ambiri sitinkamudziwa, mphunzitsi wamkulu wa sukulu ina ya kutali. Anati dzina lake ndi Chisha Mukuka, ndipo watilola kulilemba pano.

"Mwala uja ninaponya ni ine," anatero. "Banasunga dzina langa zaka zonse izi. Lelo nalibweletsa neka."

Anthu onse m'tchalitchi anayang'ana Kalaba. Iye anawerama. Itakwana nthawi yonyamula bokosi, anapita pomwe panali ba Mukuka, nawagwira dzanja, nawaimika kutsogolo pafupi ndi iye. Ananyamula limodzi mpaka pagalimoto.

Ambuye, amene amaona zobisika, awalandire mayi wathu m'kuwala kwawo, ndipo ife otsala atiphunzitse kukhululuka.