Bambo Amene Amaopa Sipuling'i

Bambo a kuseri kwa mpanda ndi makaniko wopuma pantchito. Akamva sipanala ikulira kwa mnansi, amabwera osaitanidwa. "Chitsulo sichidziwa mwini wake," amatero.

Dalaivala woyandikana nawo ankatopa nawo, mpaka tsiku lomwe ankakweza pikapu yake kuti isamakhule pansi m'misewu yokumbika. Atapanikiza sipuling'i yakutsogolo ndi zingwe, anawerama kuti ailowetse.

"Chotsani mutuwo, aneba!" bambowo anakuwa, akumukoka kolala.

Chingwe chinaduka. Sipuling'i inadutsa pomwe panali nkhope yake, n'kukaboola chitseko cha malata.

Dalaivalayo anakhala pansi. Bambowo anangokatenga chopanikizira sipuling'i chawo chachitsulo.

"Akazi anu ndiwo adzandithokoze," anatero atabwerako. "Panopa dzukani, mugwire apa."