Mafumu a ku Mangalande ndi Malire a Munda wa Amayi

Ndinaganiza zochoka ku Kapelula tsiku limene fodya wathu anabwezedwa ku okushoni kachiwiri. Ogula anati masamba ake ndi opyapyala. Sananame. Nkhuku ikadutsa kuseri kwa belo unkaiona bwinobwino, ndipo wokayika akafunse nkhukuyo, zidzukulu zake zilipo. Msuweni wanga anali atandipezera ntchito yosamala nkhalamba ku Mangalande, ndiye ndinavomera asanamalize kulankhula.

Ndisananyamuke, amayi anandiyendetsa m'malire a munda wathu monga momwe amayi awo anawayendetsera iwo. Kwathu munda ulibe pepala, umboni wake ndi mapazi. Kuyambira pa msuku waukulu, kukakhota pa chulu, kutsetsereka mpaka pa khwawa.

"Bwereza," anatero amayi. Ndinabwereza. "Ukakalephera uko, pokhala pako ndi pano."

Ku Mangalande dzuwa limagwira ganyu, limabwera tsiku limene lafuna. Ndinkagona m'kachipinda koti ndikafuna kuyasamula ndinkayamba ndatsegula chitseko, koma lendi yake ku Kasungu ukhoza kukwatira nayo kawiri. Zotsala ndinkatumiza kumudzi. Amayi ankanditumizira mawu pa foni ya mwana wa eni nyumba yoyandikana nafe, kuti feteleza wakweranso, kuti mwendo ukuwawa. Ine ndinkayankha ndi zithunzi nditatsamira galimoto za eni ake.

Anandiuza kuti wofuna kukhazikika m'dzikomo amadikira zaka zingapo, kenako amalemba mayeso a mbiri ndi chikhalidwe cha Angerezi. Ndinayamba kuloweza chaka choyamba chomwe. Ndinadziwa kuti moto umene unapsereza London unayambira kwa wophika buledi. Ndinadziwa kuti ng'ombe ikamadya msipu ili ndi dzina lachingerezi, koma ikafika m'mbale imatenga dzina lachifalansa, chifukwa kalekale oweta anali Angerezi, odya anali mabwana ochokera ku France. Zimenezo sindinavutike kumvetsa, ndinakulira pafupi ndi esiteti. Ndinadziwanso kuti kuli mudzi kumene anthu akuluakulu, a ndevu zawo, amagubuduza tchizi, chakudya cha mkaka woumitsa chozungulira ngati tayala, paphiri n'kumachithamangitsa mpaka kuthyoka miyendo. Ichi ndikalumbira anthu amaseka, chonsecho ndi chokhacho chimene sindinawonjezere mchere.

Wondiphunzitsa anali gogo wina amene ndinkamusambitsa, mphunzitsi wakale wokumbukira mafumu onse koma osakumbukira ngati wadya.

"Mfumu yonenepa ija inakwatira akazi angati?"

"Asanu ndi mmodzi, agogo. Awiri inawadula mitu."

"Wakhoza. Nanga iwe ndiwe yani?"

"Ndine uja ndinakusambitsani dzulo."

"Ayi, ujayo anali wamtali."

M'dziko lonselo, ameneyo ndiye ankandidziwa kwambiri.

Amayi anamwalira m'chaka chachitatu. Maliro ndinaonera pa foni nditadzitsekera m'chimbudzi cha kuntchito, netiweki n'kuduka bokosi lisanatsike. M'chaka chachinayi kampani imene inatilemba ntchito inalandidwa chilolezo, ife tonse mapepala athu n'kufera pomwepo. Mayeso aja sindinalephere. Sindinawalembe n'komwe. Ndinakwera ndege mutu uli wodzaza mafumu, moti pa sikelo ya katundu anandiyang'ana kawiri.

Nditafika ndinapeza munda wathu wabiriwira fodya wa bale, wokongola kuposa amene tinalimapo ife. Analima ndi a Mwale, oyandikana nafe munda, amene tsopano ali ndi matenanti awo. Anandilandira bwino, mpando anandipatsa.

"Achimwene a ku Ulaya! Mwatitengera chiyani?"

"Nzeru, bambo."

"Zikomo, tiika pa nazale."

Nditatchula za munda sanakwiye. Anaitana akuluakulu awiri kuti akhale mboni, n'kunena kuti, "Tiyendetseni, mwana wa malemu. Pamene muloze, ine ndizula fodya wanga lero lomwe."

Ndinayankha mokweza ngati mwana wa sukulu: msuku, chulu, khwawa.

"Mwakhoza," anatero a Mwale. "Tiyeni pa msukupo."

Msuku unadulidwa kalekale, unapita kukagwira denga la chigafa, chitsa chake anawotcha makala. Chulu anachikumba n'kuumba njerwa, ndipo njerwazo ndi nyumba za anthu atatu, mmodzi mwa iwo anali pa mboni ziwiri zija. Khwawa linakwiririka ndi dothi lokokoloka, pano pali mizere. Tinazungulira mpaka thukuta, dera lonse lili chimodzimodzi, fodya kumanja, fodya kumanzere. Ku Mangalande mwala ukangokalamba amaumangira mpanda, anthu n'kumalipira kuti auone. Kwathu chokalamba timayamba taona ngati chingayake.

Mmodzi wa akuluakulu aja anandisisita paphewa. "Amayi ako akanadziwa ndi mapazi. Iwe ukudziwa ndi pakamwa."

A Mwale si munthu woipa, ndikulumbira. Madzulo omwewo anandiuza kuti tenanti wawo wina wathawa, kanyumba kake kali pululu, chimanga amapereka mwezi ndi mwezi. Ndinavomera. Kapitawo wawo anabwera kudzandilemba, mnyamata wochokera ku Phalombe wosandidziwa.

"Fodya akagulitsidwa, matenanti timakawatula kwawo pa lole," anatero. "Inu tidzakakutsitseni kuti, achimwene?"

Ndinamuuza kuti angondikweza, tizikaona m'njira.