Masniah, Mlonda wa Chitseko cha Akwati

Kwathu ku Tarakan, Masniah amadziwika ndi zinthu ziwiri. Masiku onse amayanika nsomba zamchere kudoko, moti fungo lake limafika iye asanatulukire. Komanso akwati akatsekeredwa m'chipinda masiku atatu monga mwa mwambo wathu, osasamba, osapita kuchimbudzi, wokhala pachitseko ndi iyeyo. Amawapatsa madzi ongonyowetsa kukhosi ndi kampunga kapadzanja. Tonse tinakula tikumva kuti wophwanya mwambowu banja lake sililimba, ndipo ana ake amafa ali aang'ono. Pachitseko cha Masniah panali pasanadutsepo munthu. Mayi ameneyu ngwouma mtima, ungalire chotani amangokuuza kuti amako anapirira.

Kenako anakwatiwa Juhaida, mwana wa mchimwene wake, yemwe Masniah anamulera yekha amake atamwalira. Tsiku lachiwiri masana, dzuwa likuswa mtengo, mtsikanayo anayamba kusakhazikika pamphasa, akudzikanda mobisa kunsi kwa nsalu. Masniah sanadabwe. Kuyabwa n'kwa mkwati aliyense: thukuta, zovala zothina, ndi paudala wonunkhira amene anzake amamuthira mpaka kosayenera. Anangomuseka kuti asiye kuvina, oimba anapita kale.

Koma chakudza sichiimba ng'oma. Sapri, mwamuna wa Juhaida, yemwe anatsekeredwa naye limodzi, anabwera pachitseko kudzanong'ona kuti mkazi wake akulira. Masniah atalowa, mtsikanayo anaulula nkhope ili pansi. Ukwati usanachitike n'komwe, pokodza pankaotcha ngati wathirapo tsabola, iye n'kubisa chifukwa cha manyazi. Tsopano pachinena pankapweteka, mkodzo unkangofuna kutuluka, ndipo timadontho tomwe tinathawira pansalu tinali tofiirira, tonunkha. Masniah anamugwira pachipumi, moto wokhawokha, chonsecho mwanayo akunjenjemera m'chipinda chotentha chija. Atamusindikiza kumsana, m'munsi mwa nthiti, Juhaida analuma nsalu kuti asakuwe.

Masniah anazindikira vuto. Matenda a chikhodzodzo ankawadziwa kwa anzake akudoko, omwe amasunga mkodzo tsiku lonse osamwa madzi. Akakwera kufika kuimpso si zochezanso ayi. Mnzake wina anachoka kudoko atamunyamula pamachira, sanabwererenso. Masniah anatunga madzi odzaza jagi n'kumupatsa, koma Juhaida anakankha.

"Azakhali, mukufuna ndidzaike ana anga m'manda? Kwangotsala mawa lokha."

"Ana ake ati? Wakufa sabereka. Imwa."

"Si ndinu munandiphunzitsa zimenezi?"

Mawuwo anamulasa, pakuti anali oona. Anaima jagi ili m'manja, thukuta likutsika m'khosi. Chimbudzi chinali kuseri kwa nyumba, ndipo njira yake inali yodutsa pakhonde, pomwe Hajah Ramlah, amake a Sapri, anakhala ndi abale awo akumwa khofi. Panalibe zozemba. Masniah ankaopa, osati anthuwo okha, komanso tsoka lenilenilo, chifukwa mwambowu ankaukhulupirira ndi mtima wake wonse. Komabe mutu waukulu sulewa nkhonya. Anamwetsa mtsikanayo mokakamiza, anamudzutsa, natsegula chitseko ndi dzanja lake.

Onse pakhonde anatembenuka. Hajah Ramlah anaika kapu pansi pang'onopang'ono.

"Asewere, ntchito yakutopetsani? Kapena mwambo umagwira ana a eni ake okha?"

"Mwanayu akudwala, asewere anga. Tsoka likabwera mulilozere kwanga, pakhomo mukupadziwa."

Anadutsa pakati pawo, Juhaida akulira n'kumakokera m'mbuyo. Sapri anayang'ana amake, anayang'ana mkazi wake, kenako anathamangira njinga yamoto. Kuchipatala anamugoneka Juhaida, namuika diripi ndi mankhwala. Namwino anati matendawo anali atafikadi kuimpso, ndipo akanadikira mawa lija nkhani ikanakhala ina.

Juhaida anachira. Masniah saitanidwanso kumaukwati, ndipo amayi amene ana awo anawakaniza kutuluka samupatsa moni pamsika. Nawonso sitingawanene. Iye amayankha mokweza kudoko kuti akanachitanso chimodzimodzi, ndipo amene sakumudziwa angaganize kuti zonse anaziiwala.

Koma Juhaida tsopano ali ndi mwana wamwamuna, wayamba kumene kukwawa. Mvula itayamba, mwanayo anatentha thupi. Masniah anasiya nsomba zake zikunyowa pathandala, n'kuthamanga mpaka kwa Sapri. Atafika pamasitepe anaopa kukwera. Anakhala pompo mvula ikumugwa, akumvetsera kulira kwa mwanayo n'kumapempha Mulungu chamumtima kuti ngati pali choyenera kutengedwa, atengedwe iyeyo. Juhaida anasuzumira pawindo mwana ali paphewa. Anawayang'ana azakhali ake nthawi yaitali, osawakalipira, osawauzanso kuti alowe.