Lamulo limene Amne anakana kulemba

Amne anabadwira ku Kimara, mumzinda waukulu wa kunja kwa dziko lino, mwana wachitatu wa a Hemed, telala wochokera ku Namwera. Chichewa amachimva bwino, koma polankhula nthawi zina chimamuthawa, Chiswahili n'kulowerera. Kwa zaka khumi ndi chimodzi wakhala akuika marauta, timakina togawa intaneti popanda waya, m'nyumba ndi m'maofesi a anthu. M'mawa uliwonse amapanikizana ndi anzake m'basi yothamanga imene amaitcha mwendokasi, atakumbatira chikwama cha laputopu. Msana unayamba kumuwawa asanakwanitse zaka makumi atatu.

Lachiwiri lina anaitanidwa ku Kigamboni ndi a Abdulmajidi, ogulitsa matayala, amene ankaswali mzikiti umodzi ndi malemu bambo ake a Amne. Amne anawoloka nyanja pa pantoni dzuwa likuswa mtengo, nafika thukuta lili kamukamu.

Rauta inali pamwamba pa kabati, itafunditsidwa kansalu kopeta. Amne anachotsa kansaluko, n'kulumikiza laputopu, n'kutsegula tsamba la malamulo osefa.

"Ndiuzeni zoti zizidutsa ndi zoti zisamadutse," anatero.

A Abdulmajidi anali atalemba papepala. Makamera a pageti azioneka pa foni yawo yokha. Kompyuta ya ana isamafike ku masamba a masewera. Alendo asamaone kompyuta ya bizinesi.

Amne anawafotokozera monga amafotokozera aliyense, ndi mawu amene anatopa nawo kalekale. Chilichonse choyenda pa intaneti chimapita m'timapaketi, kalikonse kali ndi adiresi ya kumene kachokera ndi kumene kakupita. Rauta imawerenga malamulo kuyambira pamwamba, ndipo loyamba kugwirizana ndi kapaketiko ndi limene limagamula. N'chifukwa chake anayamba ndi malamulo olola, lotseka zonse zotsala n'kuliika pansi penipeni. Ali wophunzira analiikapo pamwamba, n'kudzitsekera yekha kunja. Tsopano anayesa lamulo lililonse kawiri, akuzungulira nyumba ndi foni m'manja.

Atamaliza, a Abdulmajidi anasuzumira kukhitchini, n'kutsitsa mawu.

"Pali china. Foni ya mayi a m'nyumba muno, a Mwanamkuu. Amangokhalira kulankhula ndi achemwali awo ku Mangochi. Tsiku lililonse nyimbo ndi yomweyo, ndikufuna ndikaone kwathu. Itseke, koma iwo aziyesa kuti netiweki yavuta."

Amne anayang'ana mndandanda wa zipangizo zolumikizidwa. Zinalipo zisanu ndi zinayi, china chili ndi dzina loti Mama. Inali ntchito ya mphindi imodzi. Sikanali koyamba kupemphedwa zotere: amuna, mabwana, ngakhale apongozi ena a ku Upanga. Akuyamba kumene ntchito ankangolemba osafunsa.

"Baba, siwezi," anayankha, kenako n'kudzikonza. "Ayi, kutha ndingathe. Koma sindichita. Mayi akavomera pamaso panga, ndilemba."

"Mwana wa a Hemed ukufuna kundiphunzitsa za m'nyumba mwanga?"

"Sindikukuphunzitsani, baba. Ndangotopa ndi kunamiza anthu kuti makina awonongeka."

A Abdulmajidi anati amisiri ndi ambirimbiri mumzinda muno. Amne anavomera kuti alipodi. Analemba mawu achinsinsi a rautayo kumbuyo kwa pepala lawo, n'kuwapatsa ndi manja awiri.

Pageti anakumana ndi a Mwanamkuu, akupukuta manja pa kanga, chitenje chimene anavala.

"Wakonza, mwanangu? Masiku ano mawu a achemwali amadukaduka."

"Lero ikuyenda, mayi," anatero Amne. Pa pantoni anaimirira njira yonse, mtima ukumutsutsa kuti wangochoka osawauza zimene amuna awo anapempha.

Patatha masabata awiri, akukoka waya m'siling'i ya ofesi ina, foni yake inalira. Nambala inali yachilendo. Anali a Mwanamkuu, atabwereka foni kwa mnansi wawo. Kunyumba kunabwera mmisiri wina, ndipo kuyambira tsiku lomwelo foni yawo yokha ndi imene sinkagwira intaneti.

Amne anakhala pamakwerero, fumbi lili m'kamwa.

"Foni yanu ili bwinobwino, mayi. Rautanso sinawonongeke. Afunseni bambo."



"Ndimaganiza choncho," anatero a Mwanamkuu. "Zikomo, mwanangu."

A Abdulmajidi anauza anzawo kuti mwana wa a Hemed alibe ulemu, ndipo mabanja awiri anasiya kumuitana. Zimene zinakambidwa m'nyumba muja Amne sakuzidziwa. Anangomva kwa mayi ake kuti Ramadhani itatha, a Mwanamkuu anakwera basi yodzera ku Mbeya ndi sutikesi imodzi, ndipo anakhala ku Mangochi miyezi itatu asanabwerere.