Chaka Chimene Ada Ananenepa

Mpaka lero fungo la mango ovunda limandibwezera kuseri kwa nyumba yathu ku Chikale, kumene ine ndi mlongo wanga tinkadyera mobisala. Amayi, amene kwathu timati Ama, anatiletsa kutafuna pamaso pa bambo athu, amene tinkawaitana kuti Ada. Analekanso kukazinga usipa poopa kuti fungo lingawazunze Ada. Munthu amene ankasenza matumba a chimanga padoko anali atayamba kulephera ndi phala lomwe. Akameza, linkabwerera. Pambali pa mphasa yawo panali kachitini kolavuliramo, ndipo ntchentche sizinkachokapo.

Kuchipatala chachikulu anawapeza ndi chotupa chakuda kummero. Anati ndi khansa imene kawirikawiri imagwira khungu, koma mwa iwo inamera m'kati. Anawachita opaleshoni, kudula mbali yowonongekayo n'kukokera chifu m'mwamba kuti chilumikizane ndi potsalapo. Anabwerako mvula itayamba, ataonda ngati bango, ndi chipsera chachitali chimene ndinkaopa kuchiyang'ana.

Koma anadya. Anayamba ndi phala lamadzimadzi, kenako nthochi, kenako kachidutswa ka nsomba. Kwathu wodwala akadya ndiye kuti wachira, choncho amayi a kutchalitchi anabwera kudzaimba nyimbo zoyamika. Patapita miyezi, mimba ya Ada inayamba kutuluka. Manja anali timitengo, maso achikasu, koma ine ndinkaona mimba yokhayo. Pakamwa panga sipankatsekeka, moti ndinalengeza pamsika ponse.

"Ada achira! Akunenepa, malaya sakumanganso mabatani!"

Mayi wina wogulitsa tomato anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndinamuona ngati wansanje. Nditafika kunyumba ndinagwada pamphasa n'kuisisita mimbayo. Inali yolimba ngati ng'oma, ndipo ndinasangalala kwambiri.

"Waona, mwana wangu?" anatero Ada. "Ama ako akundidyetsa mopitirira muyeso."

Anaseka pang'ono atagwira m'nthiti. Amayi anatuluka panja msangamsanga.

Tinawaika m'manda chinangwa chimene anabzalitsa atabwerako chisanakhwime. Pamaliro sindinalire, ndinali ndi mkwiyo. Ndinkati Mulungu walakwitsa, watenga munthu amene anali kunenepa. Ndinadzamva ndili wamkulu kuti m'mimba muja munali madzi, chifukwa khansa inali itafika kuchiwindi, ndiponso kuti madokotala anali atawauza kale zonse. Ada ankadziwa chimene dzanja langa linkasisita, koma sanalichotse.