Nyemba za kwa Timoteyo

Anzanga, mumandifunsa chifukwa chake sindidya nyama. Lero ndikuuzeni, ndi za mwamuna amene ndinatsala pang'ono kukwatiwa naye.

Munali mu 1984, ndili ndi zaka 19. Ndinkagulitsa kabichi pamsika wa Linthipe. Tsiku lina ndinaiwala khadi yachipani, achipani anandibweza pageti ya msika. Mnyamata wina wokonza njinga, Timoteyo, anandigulira ina. Masana anabwera ndi kanyenya papepala.

"Zikomo, koma sindidya nyama," ndinatero.

"Ndi za tchalitchi?"

"Ayi. Bambo ankapha mbuzi zogulitsa, ine ndinkagwira beseni la magazi. Tsiku lina anapha kambuzi kamene ndinakalera ndekha mayi wake atafa. Kankalira kakundiyang'ana. Ndinalumbira kuti chamoyo sichidzafanso chifukwa cha mimba yanga."

Sanaseke. Anati, "Ndiye nanenso ndasiya."

Anzanga, ndinagwa m'chikondi. Lamlungu lililonse tikatuluka Misa ku Kasina tinkapita kwawo. Mlongo wake Esitere ankatiphikira nyemba zokoma zedi, ine n'kumapempha zowonjezera. Zinayenda choncho chaka chathunthu.

Pa chinkhoswe chathu, mayi ake anandiikira nkhuku m'mbale.

"Pepani amayi, sindidya."

Timoteyo anandikokera kuseri kwa nkhokwe.

"Magadalena, idya kachidutswa kamodzi, usandichititse manyazi."

"Si iwe unati wasiya?"

Anaseka. "Be serious. Mwamuna angasiye nyama? Ndipo iwenso wakhala ukudya. Nyemba unkaziyamikira zija, ndinamuuza Esitere azithiramo mafuta a nkhumba. Wafa?"

Ndinasanza pomwepo, ndili m'chitenje chatsopano chimene anandigulira.

"Sorry, ndimafuna uzolowere basi," anatero.

Ndinapita kwa amalume, amene anali nkhoswe yanga, n'kuwauza kuti ukwati kulibe. Mayi anga analira. Mudzi wonse unati ndapenga, kutaya mwamuna wabwino chifukwa cha ndiwo.

Anali wabwinodi, anzanga. Sankamwa, sanandikwezerepo mawu. Ndinamulira zaka zitatu, ndipo atakwatira wina ndinadwala sabata yonse.

Koma Lamlungu lililonse la chaka chija ankakhala moyang'anana nane, ndikudya chimene ndinalumbira kuti sindidzadya, iye n'kumandifunsa akumwetulira, "Zakoma?"