Chikwama Chimene Chinakanika Alamu

Anthu a mumsewu wa masitolo ankamutchula Mayi Singano, ndipo dzinalo analilandira ndi manja awiri. Imvi zinamumerera pakhonde la sitolo yogulitsa utoto, akupalasa makina ake akale: kufupikitsa mathalauza, kuika zigamba, kusintha mazipi a anthu amene amalumbira kuti sananenepe, zipi ndiye yoipa. Mwamuna wake anali wokhoma zikwangwani zikuluzikulu za malonda m'mphepete mwa misewu. Akatsitsa chakale, chinsalu chake chokhuthala chosalowa madzi chija ankabwera nacho kunyumba, ati chidzagwira ntchito tsiku lina. Tsikulo silinamupeze. Anamwalira atasiya mulu wa zinsalu kuseri kwa chitseko, ndi mkazi wosadziwa kutaya kanthu.

Dzinja lina Mayi Singano anadula chinsalu chimodzi n'kusoka chikwama. Chinatuluka ndi theka la nkhope ya munthu womwetulira, koma madzi sankalowa ngakhale dontho. Vuto linali makina. Chinsalucho chinkathyola masingano ngati zotokosera m'mano, mpaka dzina lake lija linayamba kumveka ngati chipongwe.

Za malo olerera mabizinesi ongobadwa kumene anazimva pa wailesi. Inali nyumba yakale yosungiramo katundu, imene anaipaka utoto wowala n'kuikamo matebulo ataliatali. Munthu umapitako ndi nzeru yako, iwo amakuphunzitsa, ndipo pamapeto amasankha ochepa oti apitirize nawo. Anamutenga. Anapeza achinyamata okhaokha, aliyense ataweramira laputopu, khoma lonse litadzaza timapepala tamitundumitundu. Iye zonsezo analibe nazo ntchito. Mtima wake unatsalira m'chipinda cha kumbuyo, mmene munali makina osokera amagetsi, aakulu, olowa m'chinsalu chake chija osadandaula n'komwe. Ophunzira ankawagwiritsa ntchito mosinthana. Osankhidwa okha ndiwo akanalandira kiyi wa chipindacho, ndipo Mayi Singano anaufuna kiyiyo monga sanafunirepo chinthu china chiyambire umasiye wake.

Mlangizi wawo anali mtsikana wamagalasi amene onse ankamutcha Achifukwa, poti unene chilichonse, yankho lake linali funso lomwelo. Iye ndiye anapereka ntchito.

"Amayi, mukapatse anthu zikwamazi azigwiritse ntchito. Mudzatiuze zimene akudandaula."

Zosavuta. Chimodzi anapatsa mkulu wake, china mkazi wa mwini sitolo ya utoto, china mnzake wa kwaya. Onse anayamika mpaka kuwomba m'manja. Mayi Singano anabwerera mapewa ali m'mwamba.

"Adandaula chiyani?" anafunsa Achifukwa.

"Palibe, mwanangu."

"Chifukwa?"

"Chifukwa ndi zabwino!"

"Munapatsa ndani?"

Atawatchula, mtsikanayo anavula magalasi n'kuwapukuta pang'onopang'ono. "Anthu amenewa amakukondani, amayi. Musakawafunsenso kanthu. Mungopita mukaone kumene zikwamazo zili."

Anapita akung'ung'udza kuti ana amasiku ano ulemu unawathera m'mafoni. Kwa mkulu wake anachipeza chili m'kabati, atachikulunga m'pepala la pulasitiki kuti chisade. Chikwama chosalowa madzi, kuchiveka jekete! Kwa mkazi wa mwini sitolo chinali pamsomali, fungo la chatsopano lisanachoke. Mnzake wa kwaya yekha ndiye ankayenda nacho. Koma Mayi Singano atachigwira, maso ake a utelala anaona ulusi wachilendo palamba.

"Wasoka apa ndani?"

Mnzakeyo anayang'ana pansi. Lamba anaduka tsiku loyamba lomwelo, ali pakati pa msewu. Poopa kumukhumudwitsa, anakasoketsa kwa telala wina.

Kwa telala wina! Mayi Singano anamva manyazi otentha mpaka m'makutu, kenako mkwiyo, osadziwa woti amukwiyire. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Akanakaima pamaso pa osankha aja ndi chikwama chonama, atanamizidwa ndi anthu ake omwe, mwachikondi.

"Mukapeze munthu woti sangakusungireni mawu m'kamwa," anatero Achifukwa. "Alipo?"

Analipo, ndipo n'zimene zinamuwawa. Mlamu wake, mlongo wa malemu mwamuna wake, ankagulitsa mbatata ndi anyezi pamsika waukulu. Kumeneko ankamutcha Lumo, ndipo sikuti ankameta anthu tsitsi ayi. Chichokereni pamaliro, awiriwa ankangopatsana moni wa patali. Atamva za zikwama, mlamuyo anatumiza mawu akuti, "Mwayamba kuduladula zinthu za achimwene anga?"

Mayi Singano anayenda ulendo wa kumsika ngati wopita kukazulitsa dzino. Anaima patsogolo pa mulu wa anyezi, chikwama chili m'manja.

"Alamu, ndabwera kuti mundinyoze."

"Mwachita bwino. Lero ndinalibe chochita."

Mlamuyo anachitembenuza chikwamacho, anachinunkhiza, n'kuchiponya pansi pa benchi osanena zikomo. M'mawa mwake anatulukira pakhonde la sitolo ya utoto, chikwama kudzanja ili, lamba kudzanja linalo.

"Mbatata zanga zinabalalika mumsewu ngati ana oweruka kusukulu. Mumasoka ndi ulusi kapena ndi mapemphero?"

Anthu odutsa anaseka. Mayi Singano anameza mawu amene anafika kale palilime. "Chinadukira pati, alamu? Munanyamula bwanji?"

Anasoka china. Chimenecho chinabwerako chitabooka pangodya ya pansi, ndipo mlamuyo anatsitsa bulauzi paphewa kuti aonetse mzere wofiira umene lamba anamucheka. "Ine si bulu," anatero. Mayi Singano anatenga chikwamacho. Anapita kumene amaphwasula magalimoto akufa, n'kupempha malamba a pamipando, otambalala aja. M'malo mowalumikiza kukamwa kwa chikwama, anawazunguliza pansi ponse kuti katundu azikhala pamalambawo. Makina ake akale sakanayerekeza n'komwe. Ankadikira nthawi yake pa makina aakulu aja, wina akalephera kubwera iye n'kulowa m'malo mwake, zala zitatupa, msana ukulira. Achinyamata a malaputopu anayamba kumusungira mpando ndi kumufunsa kuti alamu anena chiyani lero. Iye ankangoti, "Wakutsina khutu ndi mnansi," ngakhale khutulo linali litatsala pang'ono kuthothoka.

Chachitatucho chinapita kumsika, ndipo kunali zii. Palibe uthenga, palibe chipongwe. Anamuitana mlamuyo ku tsiku loonetsa ntchito, koma yankho linali lakuti alibe nthawi ya misonkhano ya anthu okhala pamipando.

Tsikulo osankha anakhala kutsogolo, ndi mabotolo awo a madzi. Achinyamata anaonetsa zithunzi zoyenda pakhoma, Chingerezi chikuthamanga. Itafika nthawi yake, Mayi Singano anayala patebulo zikwama ziwiri zong'ambika zija. Anafotokoza pamene chilichonse chinadukira, ndi zimene anasintha. Bambo wina wadazi pakati pa osankhawo anakweza chala.

"Zong'ambikazi taziona, mayi. Nanga cholimbacho chili kuti? Tidziwa bwanji kuti sichiduka?"

Chinali kumsika. Mayi Singano anayang'ana zong'ambika zija patebulo. Anaona kiyi uja akumupulumuka.

Kumbuyo kunalira mpando. Lumo anadutsa pakati pa anthu, epuloni ya kumsika ili m'chiuno, chikwama chodzaza mbatata chili paphewa. Anachigwetsa patebulo, mabotolo a madzi n'kudumpha.

"Ine ndayesetsa, bambo," anatero. "Ndanyamuliramo njerwa. Ndachikoka pansi. Ndachisiya pamvula. Ndinabwereka mwamuna wa mnzanga, wonenepa kuposa inu, kuti tikokerane. Chandikanika. Ndipo musaganize kuti ndikumukometsera munthuyu, ine ndi iyeyu sitimwerana madzi. Anzanga kumsika akuchifuna. Mukamumana makinawo, mudzabwere mukawafotokozere nokha."

Holo yonse inaphulika ndi kuseka. Achifukwa yekha sanaseke, ankapukuta magalasi amene sanali akuda.

Pamene mayina ankatchulidwa, la Mayi Singano linali pomwepo. Kanali kakiyi kakang'ono, kozizira, ndipo anakafumbata mpaka kanamudinda m'dzanja.

Panja, mlamu wake anaima akusisita chikwama chija, pamene panali theka la chilembo chofiira.

"Ichi ndikuchikumbuka. Chinali pachikwangwani cha pamphambano paja," anatero, mawu atatsika. "Achimwene ankati zinsaluzi zidzagwira ntchito tsiku lina. Ine ndinkawaseka."

Mayi Singano nayenso anagwira chikwamacho. Anaima choncho awiriwo, magalimoto akudutsa. Kenako mlamuyo anamina, anakoleka chikwama paphewa, nkhope n'kubwerera mwakale.

"Koma zipi yanuyi ndi yachabechabe. Ikugwira anyezi."

"Mubwere nacho mawa, alamu," anatero Mayi Singano. "Mulawire. Chitseko cha kumakina ndikatsegula ndine."